Ulendo wa ku Skagen, Mudzi wa Asodzi

Munthu wofuna kufika ku Skagen akwera sitima ya pamtunda ku Frederikshavn, nalowera kumpoto kufikira njanji itatha, pakuti patsogolo pake dziko la Denmark lithera mumchenga ndi m'madzi. Potsika apeza nyumba zopakidwa utoto wachikasu, za madenga ofiira, ndi fungo la nsomba lochokera kudooko.

Chimdabwitsa poyamba ndicho kuwala. Mudziwu uli pa kamtunda kopapatiza pakati pa nyanja ziwiri, Skagerrak ndi Kattegat, ndipo dzuwa likawomba pamadzi ndi pamchenga woyera, kuwala kwake kubwereranso m'mwamba. M'mwezi wa June mdima uchedwa kudza, kotero kuti munthu akhoza kuwerenga kalata pabwalo ana atagona kale. Kuwala kumeneku kunakoka akatswiri ojambula zithunzi ndi utoto. Michael Ancher anafika mu 1874, ndipo mu 1880 anakwatira Anna, mwana wa a Brøndum, eni nyumba ya alendo. P. S. Krøyer anadza mu 1882.

Alendo ambiri athamangira ku Grenen, kunsonga kumene mafunde a nyanja ziwirizo awombana, kuti akaponde phazi lina m'nyanja iyi, lina m'nyanja iyo. Kusambira pamenepo nkoletsedwa, chifukwa madziwo akoka munthu mwamphamvu. Ena apita kukaona tchalitchi chimene mchenga unakwirira, kufikira anthu anatopa ndi kufukula pakhomo, nachitseka mu 1795. Lero yatsala nsanja yokha.

Koma mlendo wodekha achedwa m'nyumba yosungiramo zithunzi. Za Krøyer nzokongola ndithu, makamaka cha amayi awiri ovala zoyera amene alikuwongola miyendo m'mbali mwa nyanja madzulo. Komabe chogwira mtima ndicho cha Michael Ancher cha mu 1896. Msodzi womira wagonekedwa patebulo, ndipo anzake amzinga ali chete, osadziwa choti anene kwa abale ake. Ancher anachijambula zitapita zaka ziwiri chimwalirire Lars Kruse, msodzi amene anapulumutsa anthu ambiri m'zombo zosweka, koma iye mwini anafera m'madzi omwewo. Izi sizinali zachilendo kumeneko. Mu December 1862 amuna 8 a m'mudzimo anamira popita kukapulumutsa amalinyero a chombo cha ku Sweden chotchedwa Daphne, ndipo chipilala chowakumbukira chilipobe.

Nzachisoni kuti ambiri apitirira chithunzichi mofulumira, pofuna zina zokondweretsa maso.

Mwa akatswiri otchukawo, Anna yekha ndiye anabadwira komweko. Iye sanatanganidwe kwenikweni ndi nyanja. Kawirikawiri anajambula m'kati mwa nyumba: mayi wake wokalamba, ana, ndi akazi alikusoka pafupi ndi zenera, dzuwa litagwera pakhoma kumbuyo kwawo.