Ba Kochi, Ni Zingati?

Funso limene ndimalandira kwambiri pano pa Chazanga ndi lakuti, "Ba kochi, ni zingati?" Ndikatchula mtengo, munthu amayang'ana zitsulo zanga, n'kundiyang'ananso ine, kenako amaseka. Sindimuimba mlandu. Jimu yanga ndi kashedi ka malata kuseri kwa nyumba ya alandilodi, ndipo simenti ya pansi inang'aluka kalekale. Zonyamula zambiri ndinapanga ndekha: konkire yothira m'zitini za penti, paipi pakati. Ma flywheel awiri ndinagula kwa makanika wina ku Mandevu, anachokera m'basi yakufa. Benchi anandiwotcherera mnzanga, ine n'kuikuta ndi siponji ya matiresi akale.

Bambo wina woyendetsa wilibala, amene amatuta katundu wa anthu kuchokera ku msewu wa Great North kulowa naye m'komboni, anandiuza mosabisa tsiku lina. "Ine banilipila kunyamula simenti. Imwe mufuna nikulipileni kuti ninyamule simenti?" Anyamata onse m'shedi anafa nacho chiseko, ine ndemwe ndinaseka. Yankho linandisowa tsiku limenelo, chifukwa bamboyo sananame. Theka la anthu a kuno safuna jimu kuti atuluke thukuta. Mayi wotunga madzi pa kiyosiki amasenza chigubu cha malita 20, amene ndi makilo 20, maulendo angapo tambala asanatope kulira. Oumba mabuloko, ophwanya miyala, ana asukulu opita wapansi mpaka ku Kabanana, onsewa matupi awo ali pa ntchito kale.

Zitsulo ndi zotchipa, aliyense angaumbe zake. Chimene munthu amalipira akabwera kwa ine ndi maso anga, ndipo maso amenewa ndinawagula modula. Ndinayamba kunyamula ndili mnyamata, popanda wondionetsa, kungotengera anzanga ndi zithunzi za m'mafilimu. Tsiku lina ndinaweramira chitsulo msana utapindika ngati uta, n'kukoka ndi mphamvu zonse kuti anzanga aone. Ndinamva chinthu chikuti phwa! m'chiuno. Miyezi itatu ndinkavala nsapato nditakhala pansi, ganyu yanga yopakira katundu inapita kwa wina, ndipo amayi anga ndiwo ankandigulira mankhwala ndi ndalama ya tomato. Ndikawerengetsa zimene ndinataya, zikanakwana kulipira kochi chaka chathunthu.

Nditachira ndinayamba kuyenda wapansi kupita ku OYDC, malo a masewera amene anatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa Great North, pafupi ndi pamene pali Heroes Stadium lero. Sindinapite kukaphunzira ukochi. Ndinkangokhala pambali n'kumaonerera. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti makochi enieni salankhula kwambiri. Amaima chete, maso ali pa bondo la wothamanga kapena pa phewa la wankhonya, kenako amanena mawu awiri okha, munthu uja n'kusintha. Ife a m'makomboni timadziwa za Esther Phiri wa ku Mtendere ndi kochi wake, malemu Anthony Mwamba. Timadziwanso za Catherine Phiri, amene anakatenga lamba wa WBC ku Mexico mu January 2016 atagonjetsa Yazmin Rivas. Muzala Samukonga atabweretsa mendulo ya bulonzi ya mamita 400 kuchokera ku Paris mu 2024, palibe anafunsa ngati kochi wake Douglas Kalembo anali wofunika. Koma awo thupi ndiye munda wawo, kochi ndi feteleza amene amabweza ndalama. Mayi wogulitsa salaula amene akungofuna kuti mawondo asiye kuwawa, akaunti yake ndi ina, ndipo ndimayenera kumuwerengera moona.

Munthu watsopano akabwera, sindimupatsa chitsulo. Ndimamupatsa mpini wa tsache. Amauika kumsana kuti ukhudze malo atatu: nkhongo, pakati pa mapewa, ndi fupa la kumunsi kwa msana. Kenako ndimati aweramire kutsogolo akukankhira matako kumbuyo, ngati akutseka chitseko manja ali ndi katundu. Mpini ukachoka pa malo amodzi mwa atatuwo, ndiye kuti msana wapindika, tibwereze. Ena amazigwira pa mphindi zisanu, ena sabata yonse. Anyamata amanyansidwa nazo zimenezi, amati anabwera kudzakuza chifuwa, osati kudzasesa. Ndimangowasiya adandaule. Ndimayang'ananso ngati mawondo akugwera m'kati pamene munthu akunjuta, ngati zidendene zikunyamuka, ngati phewa limodzi likutsogola linzake. Mwini thupi sangazione zimenezi. Ngakhale foni singazione. Mavidiyo a pa YouTube ambiri ndi abwino ndithu, ine ndemwe ndimaphunzirako bando ikakhalapo, koma vidiyo imakuonetsa munthu wina akuchita bwino, siikuuza kuti iweyo ukulakwitsa.

Ntchito imene imandikhutiritsa kwambiri inabwera ndi amayi anayi a pa msika. Mmodzi, mayi wa zaka za m'ma 50, anauzidwa ku kiliniki kuti BP yake yakwera ndipo azichita masewera olimbitsa thupi. Anangouzidwa choncho basi, mzere unali wautali. Iye anamva ngati akumuuza kuti azithamanga m'mamawa ngati msilikali, ndiye anabwera akuchita mantha. "Ba kochi, ine nakula, simuzanipaya?" Ndinati, "Amai, bweretsani kaye buku lanu la ku kiliniki." Munthu wa BP kapena shuga sindimuyambitsa ndisanaone zimene anesi analemba, ndipo ndimamuuza tsiku loyamba kuti mankhwala asasiye chifukwa cha ine. Ine si dokotala. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuonjezapo masiku awiri a zolimbitsa minofu. Tikazigawa, ndi kuyenda mwandawala theka la ola masiku asanu. Tinayambira pamenepo. Kenako kukhala pa benchi n'kuimirira osagwira mawondo, kukankha khoma, kunyamula kachitini kakang'ono akupuma bwinobwino, chifukwa kugwira mpweya ponyamula cholemera kumakweza BP mwadzidzidzi. Tinakambiranso za mchere: magalamu osakwana 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu kapenta ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Pamenepo mayiyo anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Ndalama yolipira yekha analibe, choncho anakopa anzake atatu a m'chilimba, n'kumagawana mtengo wa munthu mmodzi. Ndinavomera, chifukwa anayi ndimathabe kuwaona onse. Akakhala khumi ndi asanu, imeneyo yasanduka dansi. Patatha miyezi iwiri ndinawauza kuti zimene ndinali nazo ndawapatsa, azingobwera kamodzi pa mwezi ndione ngati sanapotoze. Mnzanga wina wa ntchito yomweyi anati ndine chitsiru, kasitomala sathamangitsidwa. Mwina. Koma kolera itavuta mu January 2024, Heroes Stadium n'kusanduka chipatala, anthu analeka kusonkhana ndipo shedi yanga inakhala pululu milungu ingapo. Amene ankabwera kuti ine ndiziwawerengera "wani, thuu, filii" anasiyiratu. Amayi anayi aja ankapitiriza pakhomo pawo ndi zigubu ndi mpando. Ndalama yawo inagwira ntchito ine kulibe.

Ntchito yathu ilinso ndi akathyali, ndipo sindiwabisa. Zambia muno aliyense wa mikono ikuluikulu akhoza kugula wezulo mawa n'kudzitcha kochi. Alipo ogulitsa tiyi wochepetsa thupi, amene ntchito yake yaikulu ndi kukutsegula m'mimba. Alipo okulunga azimayi mapulasitiki pamimba kuti mafuta asungunuke, pamene chotuluka ndi madzi, ndipo ukamwa kapu ziwiri abwerera. Mafuta sachoka pa malo amene mwini wasankha. Ngakhale upinde mimba kambirimbiri, thupi limachotsa kumene lafuna, malinga ndi zimene ukudya. Oipitsitsa ndi obaya anyamata majekeseni okuza minofu, osawauza za mtima, chiwindi ndi mphamvu za m'nyumba. Kochi wako akamakhala maso pa WhatsApp iwe uli pansi pa chitsulo, kapena akakulonjeza kuti pa masabata awiri ukhala munthu wina, tenga thawulo lako uzipita. Ngakhale ku majimu a magalasi a ku Kabulonga, kumene ola limodzi la kochi lingadye ndiwo za banja la kuno za masiku angapo, muyeso wake ndi womwewo: akukuyang'ana kapena ayi?

Ena ndimawabweza ndekha. Mnyamata wina woonda anabwera ndi ndalama imene ndinadziwa kuti ndi ya chakudya chake. Ndinamufunsa chimene anadya dzulo lake, anati nsima ya repu, kamodzi. Ndinamuuza kuti akagule mazira, nyemba, soya ndi nsinjiro, chifukwa dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a zomanga thupi ndipo ine ndilibe ngakhale galamu imodzi yoti ndimupatse. Loweruka amabwera ulere, amandithandiza kusesa. Wina anafuna kutenga kaloba kuti alipire miyezi itatu ukwati wake usanafike. Ameneyo ndinamukalipira ngati mng'ono wanga.

Palinso ena amene amadziwa kale zonse, koma amandilipira kuti pakhale munthu wowadikira faifi koloko m'mawa mwezi wa June, kukuzizira, bulangete likukoma. Ndalama yawo ndimalandira, lendi siidikira, ngakhale ndimadziwa kuti mnzawo wokhulupirika akanagwira ntchito yomweyo kwaulere. Vuto n'lakuti mnzako akagona nawenso umagona, pamene ukalipira, chimakudzutsa ndi chisoni cha ndalama yako.

Bambo wa wilibala uja anabweranso chaka chatha, akuyenda chopendekera, dzanja lili m'chiuno. Sanafune jimu. Anangoti, "Ba kochi, nionetseni cabe vamene muonetsa bafana." Ndinamufunsa kaye ngati mwendo ukuchita dzanzi, chifukwa zikatero ndi za kuchipatala, osati za ine. Anati ayi. Tinatenga thumba la simenti la makilo 50, ndinamuonetsa kuliyandikira mpaka likhudze miyendo, kupinda chiuno ndi mawondo, kulimbitsa mimba, kuimirira nalo osapotoloka. Tsiku limenelo iye ananyamula mpini wa tsache wokha, thumba anadzaligwira patatha milungu iwiri. Za mtengo sanafunse, nanenso sindinatchule. Loweruka lotsatira ndinapeza mawilibala awiri a mchenga atakhuthulidwa pakhomo pa shedi, ndipo ndi umene ndinamatira ming'alu ya pansi ija.