Nyimbo ya Mkango Ili ndi Mwini Wake

Ana inu, khalani cete. Ndikuuzeni nkhani ya nyimbo imodzi.

Ine ndine mphunzitsi. Ndili kusukulu ya aphunzitsi, ndinamva nyimbo ya mkango pa foni ya mnzanga. Inali ya m'Cingelezi. Ndinaikonda kwambiri. Ndinkaganiza kuti ndi ya azungu.

Pa chuthi ndinapita kumudzi. Madzulo ena tinkatong'ola cimanga pakhonde, ine ndikuimba.

Agogo aamuna anandifunsa kuti, "Iwe, nyimbo imeneyo waitenga kuti?"

Ndinayankha kuti, "Ndi ya azungu, agogo."

Agogo anaseka. "Azungu ati? Ife tinkaiimba ku Joni, m'komponi, amako asanabadwe. Ndi ya Azulu imeneyo."

Ndinacita manyazi. Nditabwerera kusukulu ndinafufuza. Agogo ananena zoona.

Nyimboyi anaipeka Solomon Linda, Mzulu wa ku South Africa. Anaijambula m'caka ca 1939 mumzinda wa Johannesburg. Anaimba ndi anzake a gulu la Evening Birds. Dzina la nyimbo linali Mbube. M'Cizulu, mbube ndi mkango. Anthu anagula zimbale zambiri. Koma Linda analandira ndalama zocepa, kamodzi kokha.

Cimbale cimodzi cinaoloka nyanja mpaka ku America. Pete Seeger anacimva. Mau a Cizulu sanawamve bwino. Iye ndi gulu la The Weavers anaimba nyimboyi ndi dzina lakuti Wimoweh, ndipo inachuka m'caka ca 1952. Anthu ambiri ankati ndi nyimbo yamakolo, yopanda mwini.

M'caka ca 1961, gulu la The Tokens linaiimba ndi mau a Cingelezi. Tsopano dzina linali The Lion Sleeps Tonight. Ku America amalemba mndandanda wa nyimbo zimene anthu akuzikonda sabata iliyonse. Nyimbo ya mkango inakhala yoyamba. M'caka ca 1982 inakhalanso yoyamba ku Britain, itaimbidwa ndi gulu la Tight Fit. M'caka ca 1994 inalowa m'filimu ya ana ya The Lion King.

Nyimbo inayenda dziko lonse. Inalemeretsa anthu ambiri. Nanga mwini wake? Solomon Linda anamwalira m'caka ca 1962 ali wosauka. Ana ake anapita kukhoti m'caka ca 2004. M'caka ca 2006 anagwirizana kuti banja lake lilandire ndalama, ndi kuti dzina la Linda lizilembedwa pa nyimboyi. Iye mwini sanazione zimenezi.

Cifukwa ciani ndikukuuzani nkhaniyi?

Tsiku lina mtsikana wa m'kalasi mwanga anapeka kanyimbo ka nkhuku ndi anapiye. Anzake anakakonda. Mawa lake ana aakulu ankakaimba pabwalo. Mnyamata wina anati, "Ndapeka ndine." Mtsikana uja anakhala pansi pa mtengo wa mango, akulira.

Ndinakumbukira Solomon Linda. Ndinaitana ana onse. Ndinalemba dzina la mtsikana pa bolodi, ndi zilembo zazikulu. Tinaimba kanyimbo kake kawiri, kenaka tinamuombera m'manja. Mnyamata uja anapepesa. Iyenso anaimba nafe.

Kuimba nyimbo ya mnzathu n'kwabwino. Nyimbo imakula ikamaimbidwa ndi anthu ambiri. Koma tizinena amene anaipeka. Tikabwereka khasu, sitinena kuti ndi lathu.

Inu makolo, m'nyumba mwanu muli nyimbo zambiri. Zilipo za pamtondo, za kumunda ndi zotonthoza mwana. Aimbireni ana. Auzeninso amene anakuphunzitsani.

Ndipo inu ana, lero madzulo mufunse agogo nyimbo imodzi. Muwafunse kuti, "Agogo, anakuphunzitsani ndani?" Mawa mubwere nayo kusukulu, pamodzi ndi dzina lija.