A NEBA NDI ATHU, KOMA ANAWASANKHA NDANI?

Kuno kwathu munthu wa geni akamva kuti kukubwera a sherifu, m'mimba mumatentha. Sherifu wa ku Malawi ndi wa kukhoti, ntchito yake ndi kulanda katundu wa munthu amene wagonja pa mlandu wa ngongole, ndipo akafika pa golosale pako amanyamula ndi sikelo yomwe. Ku America dzina lomweli ndi la munthu wina. Kumeneko sherifu ndiye mkulu wa chitetezo m'boma laling'ono ngati Ntcheu yathuyi, ndipo m'madera ambiri amachita kumuvotera. Bungwe la masherifu a kumeneko ndilo linakhazikitsa mu 1972 ndondomeko yoti anthu oyandikana nyumba aziyang'anirana ndi kutsina khutu apolisi, imene dzina lake lachizungu ife tinalidula n'kukhala "a neba".

Ine chimene chimandigwira mtima pamenepa ndi voti ija. Sherifu akagona pa ntchito, anthu amadikira chisankho n'kumugwetsa. Nanga a neba athuwa, anyamata a mawezulo ndi zibonga amene mumakumana nawo mbandakucha mukupita kokapikula, anawasankha ndani? Akalakwa mumakawanenera kwa yani?

Funsoli sindikulifunsa ngati wodutsa m'njira. Amayi anga anandilera ndi geni ya kachewere ndi kabichi. Amapikula ku Tsangano ndi ku Lizulu n'kudzagulitsa pa msika wa pa boma pano, ndipo aliyense wodziwa geni imeneyi akudziwa kuti wofika dzuwa litatuluka amapeza zotsala. Ndiye kuti umadzuka nkhuku zisanalire, mpamba wonse uli m'kathumba ka m'chiuno, n'kuyenda mumdima kukadikira galimoto pa msewu wa M1. Mbava nazonso zimadziwa nthawi imeneyo. Ndiponso pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, kungodumpha phula uli ku Mozambique. Wakuba akakutsomphola chikwama sachita kuthamanga mtunda wautali kuti wapolisi wathu amusiye.

Akuluakulu amati kale kunalibe zoterezi, ndipo amanena zoona pang'ono. Nthawi ya chipani chimodzi mbava zinkaopa, koma ndani sankaopa? Amayi amasimba za ayufi a malaya ofiira amene ankaima pa chipata cha msika kufuna kadi ya chipani, wopanda kadi n'kubwerera ndi dengu lake pamutu, tomato n'kukaolera kunyumba. Apayoniya anali ndi mfuti zawo, ndipo wapolisi weniweni sankawakhudza. Zonsezo zinagwa motsatizana: riferendamu ya pa 14 June 1993, kenaka asilikali kulanda zida apayoniya pa Operation Bwezani mu December chaka chomwecho, kenaka chisankho cha pa 17 May 1994. Koma nkhondo ya ku Mozambique nayo inali itangotha mu 1992, ndipo mfuti za AK47 zimene zinatsala kumeneko zinayamba kulowa kudzera m'malire opanda mpanda ngati athu a Ntcheu. Mantha a chipani atachoka, anabwera mantha a achifwamba. Anthu ataona kuti apolisi ndi ochepa, galimoto alibe, anayamba kuweruza okha ndi miyala, matayala ndi petulo.

Apa ndipo panabadwira chitetezo cha m'mudzi, chimene apolisi anayambitsa mu 1997 mothandizidwa ndi boma la Britain, ndipo pambuyo pake chinalowa m'lamulo la apolisi la 2010. Pa pepala dongosolo lake ndi labwino zedi. Pa mudzi pamakhala komiti yoletsa umbanda, kwa gulupu kumakhala gulu lokulirapo, kwa mfumu yaikulu, kaya ndi kwa Njolomole, kwa Kwataine kapena kwa Ganya, kumakhala bwalo limene limakumana ndi apolisi. Anthu ake ndi ongodzipereka, salandira malipiro a boma.

Tinene zoona, anyamatawa amathandiza. Msuweni wanga ali m'gulu limeneli, ndipo ndinayendapo naye usiku wa mwezi wa June, kuzizira kwa ku Ntcheu kuja kolowa m'mafupa. Zida zake ndi tochi, wezulo, chibonga ndi kamalaya konyezimira kamene kanang'ambika kale kukhwapa. Amene akufuna kukumana nawowo amayenda ndi zikwanje. Chaka china amayi anaberedwa matumba awiri a kachewere pamene amadikira galimoto, ndipo anawapeza ndi a neba, atabisidwa m'munda wa chimanga, dzuwa lisanafike pamutu. Akanadikira kuti akalembetse kupolisi, wapolisi apeze choyendera, kachewere uja akanakhala atasanduka tchipisi pa chiwaya cha munthu wina. A neba amadziwa mwana wa uje amene wayamba kumwa mowa wa m'botolo chonsecho sagwira ganyu. Wapolisi wochokera ku Karonga amene wangotumizidwa kuno mwezi watha sangadziwe zimenezo.

Koma amayi omwewo, m'mudzi wina umene sindiutchula, anaimitsidwa cha m'ma 4 koloko m'mawa ndi anyamata anayi amene anapingasa mtengo pa njira. Ati mukupita kuti usiku uno, ati katunduyu tidziwa bwanji kuti ndi wanu, ati siyani K1,000 ya mabatire a tochi. Wa kabaza amene anawanyamula atafunsa kuti lisiti lili kuti, analandira khofi. Amayi anapereka, poti galimoto ya ku Tsangano sidikira munthu. Atabwera madzulo anangoti, "Mwanawe, ayufi aja abwerera, angosintha malaya."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa kusiyana kwa mlonda ndi yufi n'kochepa kwambiri. Onse ndi anyamata a m'mudzi momwemo, onse ali ndi ndodo, onse amati akugwirira ntchito anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ali ndi malire, wina analibe. Ndipo malirewo alipo, kungoti ambiri a ife sitiwadziwa. Wa chitetezo cha m'mudzi si wapolisi. Mphamvu yake yogwira wakuba ndi yomweyo imene muli nayo inu ndi ine: ukamugwira, um'pereke kupolisi mosachedwa. Alibe mphamvu yomenya, yolipiritsa chindapusa, kapena yotsekera munthu m'kanyumba mpaka abale ake abweretse nkhuku. Ngakhale apolisi enieniwo, malamulo aakulu a dziko lino amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere.

Za kuyenda usikuzi ndiye mavenda muyenera kuzidziwa bwino, chifukwa amene anakumenyerani nkhondo ndi mnzanu. Wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre anamangidwa mu 2015 akupita ku geni yake mbandakucha, pa mlandu uja timautcha vakabu. Sanangolipira n'kukhala chete, anakasuma, ndipo mu January 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime ya lamulo imene anam'mangira ija ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Tsono ngati wapolisi wa yunifolomu sangakumangeni chifukwa chongopezeka pa msewu usiku, wa wezulo angakulipiritseni bwanji?

Msuweni wanga nditamufotokozera za amayi sanakane. Anangoti, "Achimwene, inu mumagona m'bulangete ife tili panja. Mabatire tigule ndi chiyani?" Apa ndiye pali fupa la nkhani. Munthu wosalipidwa amene wapatsidwa chibonga adzadzilipira yekha tsiku lina. M'misika yambiri amalonda amasonkha kangachepe kuti alonda apeze ya sopo, ndipo ine sindikuona cholakwa, bola ndalamayo idutse m'buku la komiti, osati pa mtengo wopingasa njira mumdima. Vuto lina n'lakuti wosonkha zambiri ndiye amalonderedwa bwino. Mwini sitolo yaikulu a neba amazungulira khomo lake usiku wonse, pamene mayi wa tomato wa pa benchi amangomuunika kumaso ndi tochi.

Nanga ife a geni tili kuti pamene anthuwa akusankhidwa? Tili pa msika. Msonkhano wa kwa nyakwawa umaitanidwa masana, nthawi imene wa geni sangasiye benchi, ndiye amene amapita ndi okhawo opanda chochita, n'kusankhana okhaokha. Mawa lake timadabwa kuona mnyamata yemwe uja tinam'gwira ndi nkhuku ya eni chaka chatha atavala kamalaya konyezimira. Makomiti a m'misika, amene amadziwa kukangana ndi khonsolo za matikiti ndi zimbudzi, sindinawamvepo akupempha kuti mayina a achitetezo aikidwe poyera pa chipata cha msika, kapena kuti msonkhano wosankha uchitike tsiku lopanda msika wapolisi woona za chitetezo cha m'madera ali pomwepo. Zimenezi sizifuna ndalama ya ku Britain.

Ndinamufunsa msuweni uja kuti munthu amene wamenyedwa kapena kulandidwa ndalama ndi a neba akadandaule kuti. Anati kwa wapampando wa komiti. Ndinafunsa kuti wapampandoyo ndani. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndi malume ake a mmodzi wa anyamata anayi aja.