Ku Duxford, kumene ndege zankhondo zimavinira anthu

Ku England, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kumwera kwa mzinda wa Cambridge, kuli mudzi wotchedwa Duxford. Dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda phiri ngati la Dómuè loti munthu nkulozera njira. Kuli minda ya tirigu monga ya ku Tsangano, nyumba zanjerwa ndi matchalitchi akale. Munthu wodutsa pa msewu waukulu wa M11 angathe kupitirira osadziwa kanthu, koma akangomva kulira kwa injini kumwamba, ayenera kukweza maso. Pamenepo pali bwalo la ndege limene linamangidwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mpaka lero ndege zimene zinamenya nkhondo ya Hitler zikuulukabe pamenepo.

Bwaloli lili ndi mbiri yaitali. Mu Ogasiti 1938, gulu la asilikali a m'mlengalenga lotchedwa 19 Squadron, limene linkakhala pa Duxford, ndilo linayamba kulandira ndege yatsopano ya Spitfire. Patapita zaka 2, ndege za Germany zinayamba kuthira mabomba ku England, ndipo kuyambira Julaye mpaka Okutobala 1940 nkhondo inali ya m'mwamba. Oyendetsa ndege 544 a mbali ya Angelezi anatsala pa nkhondo imeneyo, ambiri a iwo anyamata osakwatira. Mmodzi mwa atsogoleri odziwika pa Duxford anali Douglas Bader, munthu amene anaduka miyendo yonse iwiri pa ngozi ya ndege mu 1931, koma anabwerera ku usilikali ndi miyendo yachitsulo. Iyeyu ndiye ankakhulupirira kuti ndege zizinyamuka zambiri pamodzi, nthawi zina mpaka 60, kuti zikakumane ndi mdani zili chigulu. Mu 1943 bwaloli analipereka kwa asilikali a ku America, amene anabwera ndi ndege zawo za Thunderbolt, kenaka za Mustang.

Asilikali anachoka pa Duxford mu 1961, udzu nuyamba kumera. Mu 1968 anthu ojambula kanema wa Battle of Britain anaphulitsa dala nyumba imodzi yosungiramo ndege kuti kanemayo aoneke woona. Malowo akanatha choncho, koma m'zaka za m'ma 1970 bungwe losunga zinthu zakale zankhondo, la Imperial War Museum, linawatenga. Lero m'nyumba zake zazikulu muli ndege zamitundumitundu, zina zopachika kudenga ngati chimanga cha mbewu. M'nyumba zina muli amisiri ovala maovololo, amene amatha zaka zambiri akumanganso ndege imodzi, msomali ndi msomali. Ndege za Spitfire zinapangidwa zoposa 20,000, koma zotha kuuluka lero sizifika 100 pa dziko lonse. Nchifukwa chake amazisamala ngati dzira.

Tsiku lalikulu limafika mu Sepitembala, pamene Angelezi amakumbukira nkhondo ya 1940. Anthu zikwizikwi amalawirira, atanyamula mipando, maambulera ndi kamba, nalipira pachipata. Ndege amazindandalika pa kapinga, ndipo ana amaloledwa kuziona pafupi. Koma chimene aliyense amadikira ndi cha madzulo, pamene ndege zambiri zimauluka pamodzi. Pa chionetsero china chotchedwa Flying Legends, chimene chinkachitikira pamalopo kuyambira 1993 mpaka 2019, gulu lomalizali ankalitcha Balbo. Dzinali ndi la Italo Balbo, mkulu wa asilikali a ku Italy, amene mu 1933 anatsogolera ndege 24 kuwoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku Chicago.

Woonera pansi amangoti ndegezo zikuyandama ngati akakowa obwerera kogona. Koma ntchito yake ndi yathukuta, ndipo imayambira pansi. Asananyamuke, oyendetsa onse amasonkhana, mtsogoleri nafotokoza yemwe akhale kumanja, yemwe akhale kumanzere, ndi kolowera ngati injini yazima. Akatero amatuluka panja nayenda wapansi pa kapinga, aliyense pa malo ake, kukhota pamene adzakhote kumwamba. Amuna ndi amayi aulemu wawo, ena aimvi, amaoneka ngati gulu la ngoma ya Angoni likuyeserera mapazi tsiku la mwambo lisanafike. Palibe amene amaseka, chifukwa wosokoneza phazi pansi adzasokonezanso phiko kumwamba.

Ngakhale kunyamuka kumene nkovuta. Spitfire ili ndi mphuno yaitali yoloza kumwamba ikakhala pansi, kotero woyendetsa saona kutsogolo. Amayenda mokhotakhota ngati njoka kuti asuzumire mbali iyi ndi iyo. Matayala ake ndi oyandikana, osachedwa kupendeka. Injini yake ya Merlin, ya masilinda 12, imatentha msanga ikachedwa pansi chifukwa imadalira mphepo ya m'mwamba kuti izizire. Tsono ndege zikakhala zambiri, woyamba sangadikire womaliza nthawi yaitali. Zimanyamuka ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu, nkukakumana kutali ndi anthu, kenaka nkubwera zitafola kale.

Zikafola, lamulo ndi limodzi: wotsatira sayang'ana pansi, sayang'ana anthu, ndipo mawotchi a m'ndege mwake amangowaponyera diso mwakamphindi. Maso ake ali pa ndege ya mtsogoleri basi. Amasankha zizindikiro ziwiri, monga nsonga ya phiko ndi chilembo cha pathupi la ndegeyo, nazisunga zili pa mzere umodzi. Zikasiyana, ndiye kuti wasuntha. Dzanja lamanzere silipuma, kuwonjezera moto pang'ono, kuchepetsa pang'ono. Mtsogoleri yekha ndiye amayang'anira onse njira, ndipo saloledwa kuchita chinthu modzidzimutsa. Aliyense amene anayendetsapo ngolo akudziwa za pokhota: ng'ombe yakunja imafulumira, yamkati imafupikitsa mapazi. Kumwamba nchimodzimodzi, kungoti ng'ombe zake zikuthamanga makilomita oposa 300 pa ola, ndipo goli lozimangirira palibe. Goli lawo nkukhulupirirana.

Gululo likamadutsa pamwamba pa bwalo, wolengeza pa chimkuzamawu amakhala chete. Kulira kwa mainjini kumamveka m'chifuwa, osati m'makutu mokha. Nthawi zina ndege 4 zimabwera pamodzi, ndiye imodzi imapatuka nkukwera yokha kumwamba, malo ake nkutsala opanda kanthu. Kumeneko nkukumbukira mnzawo amene sanabwerere. Amuna amavula zipewa, ndipo okalamba ena amapukuta misozi.

Koma tsoka silinunkha. Pa 10 Julaye 2011, pa Duxford pomwepo, ndege 3 zinadutsa pamodzi nkuyamba kupatukana. Ndege ya Skyraider inagunda Mustang ndi phiko. Woyendetsa Mustang, Rob Davies, analumpha ndi parachuti ali pafupi kwambiri ndi nthaka, napulumuka. Ndege yake inagwera m'munda. Skyraider inatera phiko lili loduka. Kwina sizinathe choncho. Pa 22 Ogasiti 2015, ku Shoreham, kumwera kwa England, ndege yakale ya Hunter inalephera kumaliza chidule chimene inkachita kumwamba, nigwera pa msewu, nipha anthu 11. Pa 12 Novembala 2022, ku Dallas m'dziko la America, ndege ya Kingcobra inawomba ndege yaikulu ya B-17, ndipo anthu 6 onse amene anali m'ndege ziwirizo anafa. Ngozi iliyonse imadzutsa mkangano. Ena amati ndege zosowa choterezi azingozisunga m'nyumba, zisaphe anthu ndipo zisaonongeke. Ena amati ndege yosauluka ili ngati ng'oma yopachika pakhoma: ana adzaona chikopa, koma sadzadziwa kulira kwake. Pambuyo pa Shoreham boma la Britain linakhwimitsa malamulo a zionetserozi, koma silinaziletse.

Pakati pa ndege za pa Duxford pali ina imene akuluakulu a m'maboma a m'malire muno angaizindikire ndi khutu lokha. Ndiyo Harvard, imene ena amaitcha T-6, ya injini imodzi yolira mokalipa. Angelezi amaidziwa ngati ndege yophunzirira, ndipo mlendo wokhala ndi ndalama angathe kulipira kuti amuulutsemo. Koma pa nkhondo yomenyera ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974, asilikali a Chipwitikizi anaimangirira mfuti ndi mabomba, naiulutsa pamwamba pa Niassa, Cabo Delgado ndi Tete, pamodzi ndi ndege za Fiat G.91. Nkhondoyo itatha, Portugal inagulitsa ndege zake zambiri za mtunduwu, ndipo zina zinakafika ku England. Nayonso Hunter si mlendo kuno. Mu Novembala 1977, ndege za Hunter, Vampire ndi Canberra za boma la Ian Smith zinawoloka malire nkuphulitsa misasa ku Chimoio ndi ku Tembwe, m'chigawo cha Tete, ndipo anthu ambirimbiri anafa.

Tsono kulira kumodzimodziko kuli ndi matanthauzo awiri. Mwana wa ku Cambridge akakumva amathamangira poyera, atanyamula kamera. Mwana wa ku Tete wa zaka zimenezo akakumva ankathamangira pansi pa mitengo, mayi ake akuzima moto ndi dothi kuti utsi usaoneke. Kwa Mngelezi, Spitfire ndi ndege imene inatchinjiriza mudzi wake. Iye anali kumbuyo kwa mfuti zake. Anthu a kuno anali kutsogolo kwa mfuti za ndege zina. Palibe amene akunama pakati pa awiriwa, ndipo amene akufuna kumvetsa Duxford ayenera kumva mbali zonse ziwiri.

Moçambique nayo inasankha njira yake yosungira zida. Pambuyo pa mtendere wosainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo yachikhristu anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo amisiri a ku Maputo anazidula nkuziwotcherera kukhala zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterezi uli ku British Museum mu London, ulendo wa maola ochepa chabe kuchoka ku Duxford. Dziko lina linasunga zida zake zikuuluka, lina linazisunga zitaduka, koma onse akufuna chinthu chimodzi: kuti adzukulu asaiwale.

Dzuwa likapendeka, ndege zimatera imodziimodzi. Mainjini amazima, oyendetsa amatuluka malaya ali nyowe ndi thukuta, nagwirana chanza. Amisiri amayika mabeseni pansi pa injini kuti atchere mafuta odontha, nazikankhira ndegezo m'nyumba zawo. Anthu amapinda mipando nalowera ku M11, ndipo pa kapinga pamatsala mbalame zokha.