Zimene bawo la pa Ulongwe linandiphunzitsa pa Civilization

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Kalembo ndi laputopu yakale yomwe batire yake sikwana maola awiri. Magetsi akazima, maola awiriwo ndiye chuma changa chonse. Ambiri ndinawathera pa Civilization V, gemu ya Sid Meier yomwe inatuluka mu 2010. Umatenga mtundu wa anthu kuyambira 4000 BC mpaka 2050, ndipo mumasewera mosinthana, ngati bawo.

Poyamba imakoma. Mzinda umodzi, msilikali mmodzi, chilichonse chomwe wasankha chimaoneka zotsatira zake. Koma ukafika ulendo wa 300 mwa 500, uli ndi mizinda khumi ndi antchito mbwee, aliyense akudikira umuuze chochita. Usiku wina batire inatha ndili kalikiliki kuuza wantchito akonze kamsewu kopanda phindu, asilikali a Montezuma atazinga kale mzinda wanga wa m'malire. Sindinawaone. Ndinali otanganidwa kwambiri.

M'mawa mwake ndinapita pa Ulongwe, pomwe amalume amasewera bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msewu wa ku Mangochi. Bawo lili ndi maenje 32 ndi timiyala 64, ndipo ine ndikamasewera ndimafuna kuwerenga dzenje lililonse. Iwo ayi. Nthawi zambiri dzanja limangoyenda lokha uku akucheza za mtengo wa chimanga. Kenako mwadzidzidzi amangoti zii, chala chikuloza dzenje limodzi, mphindi ziwiri zathunthu.

"Amalume, bwanji apa mwaima?"

"Apa ndi pomwe angandidyere, mphwanga. Enawa akudziwa okha kopita."

Anzanga ena ku koleji amati wodziwa gemu ndi amene amagwira chilichonse ndi manja ake, kusankha munda uliwonse womwe nzika za mzinda zilime. Sindikugwirizana nawo. Kumayambiriro inde, pamene mzinda uli umodzi ndipo chakudya chochepa chimasintha zonse. Koma ukapitiriza choncho mpaka kumapeto, sukulamulira ayi, wasanduka kalaliki wa ufumu wako womwe.

Tsopano mzinda uliwonse ndimaupatsa ntchito imodzi, wina sayansi, wina asilikali, n'kuundandalitsira zomanga zingapo nthawi imodzi kuti usamandifunse. Asilikali a kutali ndi adani ndimawauza akhazikike mpaka ataona mdani. Ulendo uliwonse ndimayamba ndayang'ana malire, zina pambuyo.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Nditasiya antchito kuti azidzisankhira okha zochita, anagumula minda yomwe ndinaivutikira n'kumangapo misika, mzinda wanga waukulu n'kusiya kukula. Pali kabokosi kowaletsa zimenezi, ndinakapeza mochedwa. Nditawafotokozera amalume anaseka mpaka kutsokomola, n'kundifunsa ngati Montezumayo amabwera pa Ulongwe Loweruka.