Masikono a mizukwa

Lero ndi 31 October, tsiku la Halloween, ndipo ana andidzutsa m'mamawa kuti kadzutsa akhale woopsa. Kuno ku Leeds anthu amagula maungu, kuwaboola maso ndi mano, kuikamo kandulo, mawa lake n'kutaya. Dzungu lonona chonchi? Mtima wanga wakana.

Ndaliphika, kulinyenya, kusakaniza ndi ufa wa tirigu, shuga, majarini ndi dzira, kenako n'kuumba masikono ooneka ngati mizukwa. M'maso ndaikamo tizidutswa ta chokoleti. Mu uvuni chokoleticho chasungunuka, mizukwa yonse yatuluka ikulira misozi yakuda. Wamng'ono wadya anayi osapuma.

Ndawatumizira amayi chithunzi kumudzi. Angoyankha kuti, "Mwanawe, mizukwa mwayamba kumwera tiyi?"