Mabowo Asanu pa Thabwa

Kwathu ku chigwa cha Phalombe mlenje akaphonya nyama sasowa womuloza chala. Ena amati mfuti yamangidwa. Ena amati mkazi kunyumba sadasunge mwambo pamene mwamuna anali kuthengo. Enanso amakumbuka nkhalamba imene idadutsana naye mbandakucha osayankha moni. Onsewa amaiwala kanthu kamodzi kamene kanali mumpope wa mfutiyo: chipolopolo.

Mfuti si mlendo m'chigwa chathu. Amalonda a akapolo ankadzera pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi atasenza gogodela, ndipo Angerezi adamanga Fort Lister pomwepo mu 1893 pofuna kutseka njirayo. Ukapolo udatha, koma gogodela adatsala m'midzi, ntchito yake n'kukhala yolondera minda kwa nguluwe ndi anyani. Mfuti imeneyi amaithira wonga chakukamwa, n'kutsindira, kenaka n'kuponyamo chipolopolo. M'kati mwa mpope wake ndi mosalala ngati paipi ya madzi, choncho chipolopolo chimatuluka chikugubuduka mmene chafunira. Tsono poti ambiri ankaikamo chilichonse, kaya chidutswa cha msomali, kaya kachitsulo ka njinga, chodabwitsa si kuphonyako ayi, koma kuti nthawi zina ankalasa n'komwe.

Amalume anga, amene ankalima chimanga ndi nandolo m'munsi mwa Michesi, adaphonya nguluwe kawiri motsatizana chaka china ine ndili mwana. Sabata isanathe m'mudzi mudayamba manong'onong'o, ndipo dzina lotchulidwa linali la gogo wina wamasiye woyandikana nawo munda. Amalume sadapite kwa sing'anga. Adasungunula mtovu, nauthira m'chikombole chimodzi kuti zipolopolo zifanane, nataya zonse zokhala ndi timabowo. Wonga ankauyeza ndi kachitini kamodzi komweko. Adaimika thabwa patsogolo pa chulu chachikulu kuti chopyola chikathere m'dothi, nalemba kadontho ndi khala, nabwerera m'mbuyo mayadi 40. Mfuti adaitsamiritsa pamphanda kuti dzanja lisakhale ndi mlandu.

Choyamba chidagwera pafupi ndi kadontho kaja, anyamata oonerera n'kuyamba kukuwa kuti mfuti yachira.

"Khalani pansi, ana inu," adatero amalume. "Chimodzi n'chamwayi. Mfuti imanena zoona ikayankhula kasanu."

Kuthira gogodela si ntchito yothamangira, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa lidafika paliwombo mabowo asanu atakwana. Onse adaunjikana pamalo oti mbale ya ndiwo n'kuphimba, koma chakumanzere kwa kadontho. Adatembenuza thabwa, nawombera kasanu ndi zitsulo zakale zija: zitatu zidamwazika m'mbali, ziwiri sizidakhudze thabwa n'komwe. Afiti adapezeka awiri. Woyamba anali zitsulozo. Wachiwiri anali kachitsulo koonera ka kunsonga kwa mpope, kamene kadapindika mfuti itagwa. Thabwalo adalikoleka pamtengo wa mango pakhomo kuti wodutsa aliyense alione, ndipo dzina la gogo uja silidamvekenso.

Kuno ku Chirunga amatiphunzitsa zomwezo titavala makhoti oyera: yesa kambirimbiri, sintha chinthu chimodzi pa nthawi, lemba zimene waona osati zimene umafuna. Ndipo ndi mmenenso amachitira anthu a ku America ndi ku South Africa amene amayesa mfuti zikuluzikulu za mpweya. Ambirife timadziwa kamfuti ka mpweya kophera njiwa, ka kamwa la mamilimita 4.5, kamene kachipolopolo kake kamalemera pafupifupi theka la galamu. Zazikuluzo kamwa lake limayambira mamilimita 9 mpaka 12.7, ndipo chipolopolo chake cha mtovu chimatha kupitirira magalamu 20. Wonga mulibe. Mpweya amaupopera m'kathanki mpaka kuuthinitsa kakhumi kakhumi kuposa wa m'tayala la galimoto. Nzeruyi si ya dzulo: asilikali a ku Austria anali ndi mfuti ya mpweya ya Girandoni cha m'ma 1780.

M'mpope wa mfuti zimenezi muli timizere topota, timene timazunguza chipolopolo. Aliyense amene adakwapulako nguli akudziwa chifukwa chake: nguli imaima chilili pokhapokha ikuzungulira, ikafooka imayamba kudzandira. Chipolopolo chachitali chimafuna kuzunguzidwa kwambiri kuposa chachifupi, ndipo chikachepa thupi pang'ono pokha timizereto sitichigwira bwino. N'chifukwa chake mfuti ziwiri za kampani imodzi zimatha kukonda zipolopolo zosiyana.

Palinso vuto limene gogodela alibe. Kuwombera kulikonse kumadya mpweya, tsono chachisanu chikhoza kutuluka mofooka kuposa choyamba n'kukagwera m'munsi. Zambiri zimauluka mamita osafika 300 pa sekondi. Pa liwiro lotere ulendo wa mamita 100 umatenga pafupifupi masekondi 0.4, ndipo m'kanthawi komweko dziko limakhala litachikokera pansi masentimita opitirira 60. Onjezanipo mwera ukuomba cham'mbali. Woyesa weniweni amakhazika mfuti pa matumba a mchenga, amayeza zipolopolo pa sikelo, amawombera zisanuzisanu, n'kuyeza mtunda wa pakati pa mabowo awiri otalikirana kwambiri. Bowo limene lamuchititsa manyazi saliphimba ndi chala; nalonso limalowa m'kaundula.

Wina angafunse kuti chintchito chonsechi n'cha chiyani. Nguluwe yolasidwa pamimba siifa msanga. Imakabisala m'chimanga, ndipo wokumana nayo m'mawa ndi mayi wodzathyola nkhwani. Chipolopolo chophonya sichibwerera kwa mwini wake. Chimapitirira, ndipo kuseri kwa tchire kumakhala mwana wolisha mbuzi. Koma choopsa kuposa zonsezi ndi mtima wofuna munthu womunamizira pamene chinthu chalakwika. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa idayenda m'maboma a Mulanje ndi Phalombe ngati moto wolusa, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu okwiya popanda wina woonetsa umboni ngakhale umodzi. Lilime nalo ndi mfuti, ndipo silifuna wonga.

Anzanga, ife amene tidzabwerera kumudzi ndi madigiri tidzakhala pansi pa mitengo pamene mayina akutchulidwa. Ulemu udzatiuza kuti tikhale chete. Koma pali mafunso amene ngakhale mwana angafunse atagwada: mwayesa kangati, munaima patali bwanji, nanga mudaikamo chiyani?